Chithunzi cha Amayi Maria a Chithandizo Chosatha: gulani chapathabwa, osati chapapepala

M'masitolo a mabuku achikatolika chithunzichi chimapezeka m'mitundu iwiri: chosindikizidwa papepala n'kukutidwa ndi pulasitiki, ndi chomatidwa pathabwa. Chapathabwa n'chokwera mtengo, koma ndicho choyenera munthu wofuna kupemphera mosinkhasinkha tsiku ndi tsiku.

Chithunzi choyambirira chenichenicho chinachokera ku chilumba cha Crete, ndipo chili m'tchalitchi cha Sant'Alfonso ku Roma kuyambira 1866, pamene Papa Pius IX anachipereka kwa ansembe a chipani cha Redemptorist. Kutalika kwake n'kopitirira pang'ono theka la mita. Chochepera masentimita 30 musagule, chifukwa zinthu zimene zimatsogolera pemphero sizioneka bwino.

Musanalipire, yang'anani m'mbali. Osindikiza ena amadula m'mphepete kuti chithunzi chikwane m'felemu, angelo n'kutsala theka. Kumanzere kuyenera kuoneka Mikaeli atanyamula mkondo ndi chinkhupule, kumanja Gabrieli atanyamula mtanda ndi misomali, zonsezi zida za masautso a Yesu. Angelowa akasowa, simungamvetse chimene Mwana Yesu akuchewukira, kapena chifukwa chake wagwira dzanja la amayi ake ndi manja onse awiri, nsapato imodzi ili lendelende kuphazi. Onaninso zilembo zachigiriki pamwamba, zimene zimatanthauza Amayi a Mulungu, dzina limene Mpingo unalitsimikiza pa msonkhano wa ku Ephesus m'chaka cha 431.

Maso ndiwo ofunika koposa. Amayi Maria sayang'ana Mwana, amayang'ana inu amene mwagwada, uku dzanja lawo likukulozerani kwa Iye. Pa zosindikiza zotchipa inki imachuluka, maso n'kukhala madontho akuda, ndipo chifundo chonse cha nkhopeyo chimatayika.

Chapapepala chimavuta nyengo ya dzinja. Chinyontho cha khoma chimalowa m'mbali mwa pulasitiki, pepala limakwinyika n'kuchita nkhungu. Chapathabwa chimapirira, bola muike timitengo tiwiri kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Dzuwa la pawindo limasuwitsa zonse ziwiri. Galasi silithandiza kwenikweni, chifukwa lawi la kandulo limanyezimira pankhope pomwe.

Chipachikeni molingana ndi maso anu mutakhala pansi kapena mutagwada, osati pamwamba pafupi ndi denga. Kandulo ikhale pambali, masentimita osachepera 30, kuopa mwaye ndi kutentha kumene kumamatula guluu. Werengani pang'onopang'ono Yesaya 49:15 kapena 66:13, pamene Mulungu akudzifanizira ndi mayi wosaiwala mwana wake woyamwa ndiponso wosangalatsa mwana wake. Kenako khalani chete mphindi 10 mpaka 15, maso akuyenda kuchokera pankhope ya Amayi, kutsikira pamanja ogwirana, kufika pa Mwana. Maganizo akabalalika, bwererani pamanjapo.

Pa mapemphero a mphakati, chapapepala chingakwanire poti n'chopepuka kunyamula. Popukuta chapathabwa gwiritsani ntchito kansalu kouma. Madzi amatupitsa thabwa.