Two Hunters patatha miyezi 8: mawu ena ndikubweza

Mu Okutobala chaka chatha ndinalemba mwachidule za chimbale cha Two Hunters cha gulu la Wolves in the Throne Room, nditangochimvera kawiri. Ndinati muli mphindi khumi zokoma, zotsalazo ndi phokoso la chigayo cha dizilo, ndipo ndinachipatsa malikisi 5 pa 10. Pano tili mu Juni, chimbalecho sichinachoke m'foni mwanga, ndipo ena mwa mawu aja akundichititsa manyazi. Osati onse. Ena ndikadali nawo.

Kwa amene simukulidziwa gululi: ndi la ku Olympia, m'chigawo cha Washington ku America, ndipo eni ake ndi abale awiri a mimba imodzi, Nathan Weaver amene amaimba gitala ndi kukuwa, ndi Aaron Weaver wa ng'oma. Two Hunters ndi chimbale chawo chachiwiri, chinatuluka mu 2007 ku kampani ya Southern Lord, ndipo amene anachijambula ndi Randall Dunn. Nyimbo zilimo zinayi zokha koma zimadya mphindi 46, yomalizayo payokha mphindi 18. Mtundu wa nyimbozi umatchedwa atmospheric black metal, nthambi ya nyimbo za metal, zija za magitala aphokoso ndi kukuwa. CD yake anandibweretsera msuweni wanga wokhala ku Leeds, ataitola pa kaunjika wa zimbale kumeneko.

Ndinalakwitsa poyambira penipeni. CD ija ndinaikopera m'foni ngati MP3 yofinyidwa kwambiri kuti isadye malo, n'kumaimvera pa timaiyefoni ta pamsika, m'minibasi popita ku ntchito ku Limbe. Kumeneko n'kuchipha chimbale. Magitala a nyimbo zamtunduwu amalira ngati njuchi zikamasamuka, injini ya minibasi nayo imalira chimodzimodzi, ndiye ziwirizi zimangomezana. MP3 yofinyidwa kwambiri imayambira kuwononga mawu okwera, moti ma cymbal, mbale zachitsulo zija za pa ng'oma za Aaron, ankangoti chwaa ngati mbatatesi zikagwera m'mafuta pa chiwaya. Mu Disembala ndinaikoperanso ngati FLAC, mtundu wa fayilo wosataya mawu, ndinagula mahedifoni ophimba khutu lonse, ndinakhala pansi m'nyumba. Chigayo chija chinayamba kumveka kuti ndi anthu, aliyense ndi chida chake.

Koma chimene chinanditembenuza mtima si mahedifoni. Chinali kuzindikira pomwe khutu liyenera kugwira. Ng'oma zimathamanga mosapuma, kaimbidwe kamene oimba metal amati blast beat, ndipo dzanja lamanja la woimba gitala limakwapula zingwe mothamanga chimodzimodzi, kumene amati tremolo picking. Ukatsatira liwiro limenelo utopa pa mphindi ziwiri, monga ndinatopera ine. Koma dzanja lamanzere, lomwe limasankha manoti, silifulumira ayi. Limakhala pamodzi kanthawi, kenaka n'kusuntha pang'ono, n'kudikiranso. Ukagwira dzanja limenelo, upeza kuti pamwamba pa chipwirikiti chonsecho pakuyenda nyimbo yodekha, yachisoni, yoti munthu utha kuing'ung'uza. Ndinazigwira usiku wina mu Januwale magetsi atazima, ndilibe china chochita. Ndinadzipeza ndikung'ung'uza Vastness and Sorrow, nyimbo yomwe ija ndinaitukwana kwambiri mu Okutobala. Mphindi zake 12 ndi zimene ndazibwereza koposa m'chimbale chonse. Chimene chimandikokabe ndi pomwe ng'oma zimatsika liwiro n'kuyamba kuyenda ngati munthu wotopa: magitala sasintha kwambiri, koma thupi limamva ngati watula mtolo.

Mphindi khumi zomwe ndinazitamanda zija zakalamba mosiyana. Dia Artio, yotsegulira, ilibe mawu. Imayamba ndi kulira kwa tizilombo ta usiku, tonga nkhululu, kenaka magitala olemera amalowa pang'onopang'ono. Dzinalo likuchokera kwa Artio, mulungu wamkazi wa chimbalangondo amene anthu achi Celt ankamupembedza kalekale ku Ulaya. Ndinkaimvera payokha, n'kuzimitsa. Pano payokha sindiimvanso kukoma. Ndi khonde chabe, ndipo munthu sukhala pa khonde tsiku lonse nyumba ili yotsegula.

Cleansing ndi nkhani ina. Theka lake loyamba, pomwe woimba woitanidwa, Jessika Kenney, amaimba yekha pamwamba pa ng'oma yogunda motalikirana, silinasuluke ngakhale pang'ono. Mayiyu anaphunzira kaimbidwe ka ku Persia ndi ka ku Java, ndipo zimamveka m'mene amakokera liwu limodzi, kulipinda, osalilola kutera pomwe khutu likuyembekezera. Ndiyo nyimbo yokhayo imene akazi anga anaima nayo pakhomo, ndili kuimvera pa sipika, n'kufunsa kuti, "Kodi amenewa ndi a mpingo wanji?" Asanayankhidwe, theka lachiwiri linagwa ngati chiphaliwali, Nathan n'kuyamba kukuwa. Anangoti, "Inu, anthu oyandikana nafe aziti m'nyumba muno mukuphedwa munthu," n'kubwerera ku khitchini. Pa theka lachiwirilo ndikugwirizana nawo pang'ono, ngakhale pa chifukwa china. Kwa ine ndi pofooka pa chimbale chonse. Pamamveka ngati nyimbo ziwiri zosokedwa ndi ulusi, ndipo patatha miyezi 8 msokowo ndikuuonabe.

Zina zomwe ndinadandaula mu Okutobala zikadalipo. Besi njokwiririka, umachita kuisaka, ndipo nthawi zambiri suipeza. Kukuwa kwa Nathan ndi kwa mtundu umodzi kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, ndipo mawu amene akunena sungawagwire ndi khutu. Ndaphunzira kukutenga ngati chida china choimbira, komabe sindinganame kuti ndimakukonda. Ndiponso si chimbale choti uziika uku ukusita zovala kapena kuyankha mauthenga a pa WhatsApp. Maganizo akangochoka, chimabwerera kukhala chigayo. Masabata ena athunthu sindinachikhudze chifukwa ndinalibe mphindi 46 zanga ndekha.

Mlamu wanga ataona CD pa tebulo anafunsa funso lomwe ambiri kuno mungafunse: "Alamu, si zausatana zimenezi?" Sindinamuseke, chifukwa mbiri ya black metal ili ndi zonyansa zake. Ku Norway, kumene mtunduwu unakhwimira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ena a m'magulu oimbawa anatentha matchalitchi. Tchalitchi chakale chamatabwa cha Fantoft ku Bergen chinapsa mu 1992, ndipo mu 1993 Varg Vikernes, woimba pansi pa dzina la Burzum, anapha Euronymous wa gulu la Mayhem. Vikernes ndi munthu wosankhana mitundu poyera. Chowawa n'chakuti kaimbidwe kobwerezabwereza, ka nyimbo zitalizitali, kamene ndakakonda pa Two Hunters, mizu yake ina ili kwa iyeyo. Abale a Weaver anatenga kaimbidweko n'kukalozetsa ku nkhalango za kwawo, ku mvula, nthaka ndi imfa, ndipo m'chimbalechi sindinapezemo Satana. Koma si cha Chikhristu ayi. Muli uzimu wake wolemekeza chilengedwe ndi milungu yakale, monga dzina la nyimbo yoyamba likuonetsera. Wopemphera adziwiretu zimenezo, asankhe yekha.

Mu Malichi ndinayesa Celestite, chimbale chawo cha 2014 chomwe anasiya ng'oma ndi kukuwa konse n'kudalira ma synthesizer, makiyibodi amagetsi opanga mawu. Kunali kuyesa zachilendo kolimba mtima, ndipo ine wa mu Okutobala uja ndikanawomba m'manja kuti achotsa phokoso, asiya zokoma zokhazokha. Ndinachimvera kangapo, sichinandigwire. N'chokongola, koma chimangoyandama. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti liwu la Jessika Kenney limalowa mumtima chifukwa cha chimvula chomwe chalizungulira.

Nyimbo yomaliza, I Will Lay Down My Bones Among the Rocks and Roots, ndiyo inachedwa kwambiri kunditsegukira. Dzinalo likunena za munthu wokagoneka mafupa ake pakati pa miyala ndi mizu. Imayamba ndi gitala wofatsa, kenaka imaphulika, imatsika, imaphulikanso, ndipo kwa miyezi yambiri ndinkatayika pakatikati n'kuyang'ana kuti kwatsala mphindi zingati. Loweruka lapitali kunacha ndi chiperoni. Phiri la Soche silinkaoneka, mvula yowaza ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa, ine ndili pa khonde ndi juzi ziwiri ndi tiyi wozizira kale. Abale a Weaver amakhala kudziko la nkhungu ndi mvula yamtundu womwewu miyezi yambiri pa chaka, ndipo ine ndinawaweruza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu m'minibasi. M'mawa umenewo sindinayang'ane nthawi. Pofika chakumapeto, pomwe Kenney amabweranso ndi liwu lake pambuyo pa chiwawa chonsecho, ndinapeza kuti ndagwira kapu ndi manja onse awiri ndipo sindinamwe.

Malikisi anga atsopano ndi 8 pa 10. Awiriwo ndawamana chifukwa cha besi ndi msoko wa Cleansing uja. Black Cascade, chimbale chawo cha 2009, ndachiyamba sabata yatha, ndipo pakadali pano chikumveka ngati chigayo. Musandifunse za icho mpaka Febuluwale.