Ulendo woyenda wapansi mu Old Town (tauni yakale) ya Tallinn, likulu la Estonia: wa 2 koloko masana musagule mu Novembala

Ulendowu, umene kampani ina yoyendetsa alendo imagulitsa, ndaupatsa nyenyezi ziwiri zokha, ndipo imodzi ndi ya mayi amene anatitsogolera, osati ya kampani.

Tikiti inali mayuro 28, ndipo munthu amalipira chifukwa cha chinthu chimodzi chimene analemba ndi zilembo zikuluzikulu patsamba lawo: kukwera nsanja ya tchalitchi cha Oleviste. Nsanjayo imalandira alendo kuyambira Epulo mpaka Okutobala basi, ndipo palibe wogwira ntchito ya alendo mu Tallinn amene sadziwa zimenezi. Koma tikiti ya Novembala akugulitsabe pamtengo womwewo, chithunzi chomwecho cha madenga ofiira chili pamwamba. Ife tinadziwira pakhomo penipeni, titatsata kale msewu wa Pikk mpaka kumpoto kwa tauni. Chitseko chotseka. Wotsogolera anangoloza m'mwamba n'kunena kuti ndi mamita pafupifupi 124, masitepe oposa 200, tiyeni tizipita. Nditaimba ku ofesi, mnyamata woyankha foni anati mawu oti "zimadalira nyengo" analembedwa. Analembedwadi, koma mu imelo imene imabwera ndalama zitachoka kale. Kubweza ngakhale yuro imodzi anakana, kupepesanso ayi. Kumeneku n'kubera munthu masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kuti dzuwa lenilenilo kunalibe.

Nkhani ya dzuwayi ndiyo cholakwa chachiwiri. Pakati pa Novembala kuno limalowa 4 koloko isanakwane. Ulendo umayambira pachipata cha Viru 2 koloko, n'kuzungulira tauni yakumunsi yonse, phiri la Toompea n'kulisiya komalizira. Ndondomeko imeneyi anaikonzera Julaye, pamene kumawala mpaka usiku. M'nyengo yozizira ayenera kuitembenuza, kuyamba ndi kumtunda, chifukwa pa Kohtuotsa ndi pa Patkuli munthu amapitirapo kukaona mzinda ndi nyanja kukuwala. Tinafikapo kutada.

Analonjeza gulu la anthu 12, tinali 26, opanda tomvera m'khutu. M'kanjira kopanikiza ka Katariina käik amene anamva ndi asanu akutsogolo. Pokwera anatidutsitsa pa Lühike jalg, njira yachidule koma yotsetsereka kwambiri, ya masitepe, kunja kukuwaza mvula. Gogo wina wa ndodo anatsalira, tinamudikira pamwamba mphindi khumi. Pikk jalg ili pafupi pomwepo, ndi yotalikirapo koma imakwera pang'onopang'ono, ndipo gulu lokhala ndi achikulire liyenera kudutsa kumeneko.

Koma mayi wotsogolerayo ndisamunamizire, ntchito amaidziwa. Pa nsanja ya chipata cha Pikk jalg anatiimika n'kufotokoza chifukwa chake pakati pa mzinda umodzi pali chipata: kumtunda kunali mafumu ndi abishopu, kumunsi amalonda a Hansa (mgwirizano wakale wa mizinda ya malonda) okhala ndi malamulo awoawo ochokera ku mzinda wa Lübeck ku Germany, ndipo mbali ziwirizi sizinkakhulupirirana, mwakuti usiku ankatsekerana. Ukamva zimenezo, misewu yonse ija imayamba kumveka. Pa bwalo lalikulu la Raekoja plats anationetsa Vana Toomas, kamunthu kachitsulo kosonyeza mphepo pamwamba pa holo ya mzinda ya 1404, n'kutiuza kuti amene ali pamwambayo ndi wolowa m'malo, weniweni wa 1530 amasungidwa m'kati. Anatilowetsanso mu Raeapteek, sitolo ya mankhwala imene imatchulidwa m'zolemba za 1422 ndipo mpaka lero ukhoza kugulamo mankhwala a chimfine. Kachipinda ka mankhwala akalekale n'kaulere, wina asakuuzeni kuti kali m'tikiti. Ndipo kunena zoona, pa Kohtuotsa magetsi atayaka m'nsanja za linga panali pokongola ndithu, mkwiyo unatsikako pang'ono. Sindinalipirire zimenezo, komabe ndinaziona.

Old Town ndi yaing'ono, ukhoza kuiyenda wekha maola atatu. Yambani 10 koloko m'mawa pa Viru, dutsani pabwalo osaima, kwerani Pikk jalg mpaka pa tchalitchi cha Alexander Nevsky cha 1900, kenako tchalitchi cha Toomkirik, Kohtuotsa, Patkuli. Tsikani masitepe 157 a Patkuli, mutsate linga kudzera pa paki ya Tornide väljak ndi msewu wa Laboratooriumi mpaka ku Oleviste ndi nsanja yonenepa ija ya Paks Margareeta, mubwerere ndi msewu wa Pikk. Mukatero mukwera kamodzi kokha, ndipo bwalo ndi sitolo ya mankhwala mudzazipeza komaliza, miyendo itatopa, pamalo pamene pali pokhala ndi pomwera tiyi.

Nsapato zikhale za labala yokhuthala kunsi. Miyala ya m'misewu muno ndi yobulungira, yosalingana, ikanyowa imaterera ngati sopo, ndipo zogogoda zimalowa m'mipata. Sutikesi ya matayala isiyeni ku hotela.

Ngati mukufunabe wotsogolera, tengani wa m'mawa, ndipo musanalipire alembereni muwafunse zinthu ziwiri: nsanja ya Oleviste ndi yotsegula tsiku limenelo, ndipo gulu silidutsa anthu angati. Yankho likhale lolembedwa.