Pulogalamu yomasulira mawu pa foni: yandithandiza, koma osati pa nkhani za banja

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ina yomasulira mawu polemberana ndi abwana anga kuno ku Johannesburg. Pa moni, masiku ndi manambala imathandiza ndithu, komanso ndi yaulere. Koma tsiku lina ndinalemba kuti akazi anga ali ndi pakati, ndikupempha tchuthi. Iyo inamasulira ngati ndikunena za pakati pa chinthu, abwana n'kuyankha kuti sakumva. Zinandipweteka mtima, chifukwa inali nkhani yaikulu kwa ine. "Mtengo wa chimanga wakwera" inaumasuliranso ngati mtengo womera m'tchire, pomwe aliyense wogula mumsika wa Limbe amadziwa kuti tikunena ndalama. Tsopano nkhani za kumudzi amandimasulira mnzanga wa ku Mangochi, amene amadziwa banja langa.