Paini kapena pulayiwudi pokhoma bokosi la ampu ya gitala

Kalipentala wa ku Kasungu akapatsidwa ntchito yokhoma bokosi la ampu ya gitala (chipangizo chokuzira mawu a gitala) lokhala ndi sipika ya mainchesi 12, kawirikawiri amasankha pakati pa matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ndi pulayiwudi wa mamilimita 18.

Paini ndi wopepuka, ndipo zimenezi zimathandiza woimba amene amamangirira bokosi lake pa kabaza popita ku tchalitchi kapena ku ukwati. Kampani ya Fender, yopanga magitala ndi maampu, inkagwiritsa ntchito paini m'zaka za m'ma 1950, ndipo makona inkawalumikiza ndi mano olowana ngati zala. Vuto la paini ndi lakuti thabwa logulidwa lisanaume bwino limapindika dzuwa la Okutobala likafika, mfundo zake zimatulutsa utomoni, ndipo guluu akangolekana pang'ono pakona, bokosi limalira phokoso lachilendo woimba akakhudza nsambo yaikulu. Komabe kalipentala akalisalaza ndi sandipepa n'kulipaka vanishi katatu, limakongola moti silifunikanso kukutidwa.

Pulayiwudi sapindika msanga chifukwa zigawo zake zimamatidwa mopingasana, ndipo mabokosi otchuka a masipika anayi a kampani ya maampu ya Marshall ankakhomedwa ndi pulayiwudi wa mtengo wa birch. Ndi wolemera, m'mphepete mwake simusangalatsa maso, choncho ambiri amamukuta ndi rekisini wakuda n'kuika zitsulo m'makona.

Kwa ine, bokosi loti lizigwedezeka m'misewu ya fumbi ya ku Chamama likhale la pulayiwudi, ndipo la paini lisiyidwe kwa woimbira m'nyumba. Thabwa lakutsogolo lomangirirapo sipika likhale la pulayiwudi pa mabokosi onse awiri, chifukwa paini amang'aluka pamabowo a mabawuti.