Timapepala tomata ta Post-it m'kalasi la zowerenga

Ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale, ndipo chimene chandisautsa kwa zaka zambiri n'chakuti wophunzira akaweruza mtengambali pa tsamba loyamba la nkhani, amakakamira chiweruzocho mpaka kumapeto, ngakhale nkhaniyo itamuonetsa poyera kuti anafulumira. Mabuku athu ndi a sukulu, limodzi amagawana ana atatu kapena anayi, choncho kulembamo sitilola. N'chifukwa chake temu yapitayi ndinagula timapepala tomata ta Post-it, topangidwa ndi kampani ya 3M ya ku America.

Ubwino wake waukulu uli pa guluu. Spencer Silver, wasayansi wa ku 3M, anamupeza mu 1968 ali wofooka, ndipo patapita zaka mnzake wa kuntchito Art Fry, yemwe ankaimba kwaya kutchalitchi, anaona kuti kufookako n'kumene kungagwire kapepala m'buku la nyimbo popanda kung'amba tsamba. Ifenso tikufuna zomwezo: kapepala kamamatika, kenaka kamamatuka osasiya banga, ndipo woyang'anira laibulale sadandaula.

Kagwiritsidwe kake ndinakatengera ku njira ya Project Zero, gulu la ofufuza za maphunziro la ku yunivesite ya Harvard ku America, yoti wophunzira anene zimene ankaganiza poyamba ndi zimene akuganiza tsopano. Mwana amalemba ganizo lake loyamba n'kumata pamene wafika. Akakumana ndi chiganizo chomugwedeza, amalemba kapepala kena koyamba ndi mawu akuti "Tsopano ndikuona kuti", n'kutchula mzere umene wamusintha. Koyamba kaja sataya ayi. Pomaliza amasamutsira tonse m'kope lake motsatana. Mtsikana wina wa Fomu 3 anali atalemba kuti mayi wamasiye wa m'nkhani ina ndi wouma mtima chifukwa anakaniza mwana wake kupita kumaliro. Patatha masamba asanu ndinamuona akubwerera m'mbuyo, chala chili pa kapepala koyamba, milomo ikuyenda mwakachetechete, kenaka analemba kuti mayiyo ankaopa abale a malemu amene ankafuna kulanda mwanayo. Nditamufunsa chimene chamusintha, anandisonyeza mzere weniweniwo, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Kapepala kamodzi ndi ka mamilimita 76 mbali zonse, ndipo kuchepako kumakakamiza mwana kusankha mawu m'malo mokopera ndime yonse. Kwa kalasi lalikulu mtengo umalemera, motero ndimadula kalikonse patatu, modutsa mzere wa guluu, kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi pomatira. Ndinayesapo tina totchipa topanda dzina, koma kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la choko zinagwetsa timapepalato pansi, ana n'kusowa kuti ganizo lili lonse linali la tsamba liti. Mphunzitsi amene akufuna kuyesa njirayi agule tachikasu ta ganizo loyamba ndi ta mtundu wina ta ganizo losinthidwa, pakuti pocheka makope kusinthako kumaoneka msanga.