Chigubu cha kabaidi, botolo la asetilini kapena mashini ya malaiti?

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo ZESCO n'kumazimitsa malaiti pafupifupi tsiku lonse, ambirife owotcherera zitsulo kuno ku Chipata tinabwerera ku gasi. Njinga zothyoka za anyamata onyamula anthu ku Kapata, maegizozi, mapulawo a alimi, zonse zinkadikira pakhomo mashini ili zii. Ine ndagwira ntchito ndi njira zonse zitatu, ndiye ndinene momwe ndikuonera.

Mashini ya malaiti sinditaya nayo nthawi, tonse tikuidziwa. Pa geti, mabagalabazi kapena ekiselo ya ngolo palibe yoiposa. Koma pa chitsulo chopyapyala imangoboola, ndipo ukayang'ana kuwala kwake popanda chigoba, usiku maso amachita ngati wathiramo mchenga.

Mpikisano weniweni uli pakati pa chigubu cha kabaidi, timiyala totulutsa gasi tikathiridwa madzi, ndi botolo. Zonse ziwiri zimapereka asetilini, gasi yemwe akasakanikirana ndi okosijeni amatulutsa lawi lotentha kuposa madigiri 3,000. Kusiyana kwake n'koti botolo linapangidwa kuti limusunge gasiyu, pomwe chigubu chimangomupanga basi.

Kabaidi amakopa chifukwa cha mtengo. Ukathira madzi pa kilogalamu imodzi umapeza malita pafupifupi 300 a gasi, ndipo chigubu aliyense amadzisokera yekha. Apa ndi pomwe mtima wanga sukhazikika. Asetilini akapanikizika kupitirira 15 psi (muyeso wa kupanikizika kwa gasi) amatha kuphulika yekha, ngakhale popanda mpweya wina. Nanga chigubu chopanda geji, mudziwa bwanji pomwe chafika? Madzi akachuluka mwadzidzidzi, kabaidi amatentha ndipo gasi amabwera wambiri nthawi imodzi. Gasi wakenso ndi wakuda, wonunkha ngati adyo, ndipo msoko wake sutuluka woyera. Ndinaonapo m'bale wina atalumikiza chigubu ndi paipi ya kopa yochotsa pa firiji yakale. Ndinamupempha achotse pomwepo, chifukwa asetilini akakhudzana ndi kopa amapanga kafumbi kophulika kakangogundidwa.

Botolo limafuna ndalama zambiri, ndipo likatha muyenera kudikira lina. Koma mkati mwake muli zinthu zangati siponji zonyowetsedwa ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa acetone, ndipo gasi amasungunukira mmenemo mwabata. N'chifukwa chake liyenera kuima chilili, lomangidwa ndi tcheni, pamthunzi. Likabwera logona pagalimoto, liimikeni lipume kaye musanatsegule, apo ayi acetone adzatulukira mu paipi. Dzuwa la Okutobala kuno si losewera nalo.

Pali zina zomwe sizisankha kuti muli ndi chigubu kapena botolo. Mafuta ndi girisi zisayandikire regulator ya okosijeni (chochepetsera mphamvu ya gasi pakamwa pa botolo), zimayaka zokha popanda machesi. Pofufuza podontha gasi pakani madzi a sopo, osati kuyandikiza lawi. Paipi yofiira ndi ya asetilini, ndipo nati yake imamangira kumanzere, choncho musaikakamize. Chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinki ngati malata, wotchererani panja, utsi wake umadwalitsa ngati malungo. Thanki ya petulo yomwe mwini wake akulumbira kuti ndi youma, ine ndimaikana, chifukwa chomwe chimaphulika ndi nthunzi yotsalira mkati.

Chachikulu kwa ine ndi flashback arrestor. Nozulo ikatsekeka kapena kutentha kwambiri, mumamva kuti phwa, kenako kamluzu, ndiye kuti lawi labwerera m'paipi. Kachipangizo aka kamalizimitsa lisanafike kugasi. Zigubu zambiri zomwe ndaona zimangodalira kabotolo ka madzi kotchinga lawi, komwe nthawi zina kamakhala kouma mwini wake osadziwa.

Anzanga, ine chigubu ndinasiya. Zochindikala ndimadikira malaiti, zopyapyala ndimagwira ndi botolo lokhala ndi ma arrestor awiri, wina ku okosijeni wina ku asetilini. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito sindimulola kuyatsa tochi yowotcherera asanandionetse kuti onse awiri alipo.