Nsapato zokwerera miyala za pa kaunjika ku Limbe: mmene ndazionera patatha miyezi 7

Atandisamutsa ku ntchito kuchoka ku Kasungu kubwera kuno ku Blantyre, Loweruka linkanditalikira. Ndinalibe wocheza naye, ndikatsegula zenera ku Zingwangwa ndinkangoyang'anizana ndi phiri la Soche. Mnzanga wa ku ofesi ndiye anandilumikiza ndi kagulu kena kamene kamakwera matanthwe ndi zingwe. Tsiku loyamba ndinapita ndi nsapato zothamangira, ndipo ndinkatereraterera ngati ndaponda therere. Mkulu wina pagulupo anangoti, "Achimwene, miyendo yanu ilibe mlandu, vuto ndi zimene mwavalazo."

M'masitolo m'tauni ndinazungulira kufunafuna nsapato zokwerera miyala, osaziona. Ndinakazipeza pa kaunjika ku Limbe, zitakwiririka pansi pa mulu wa nsapato za mpira, dzina la kampani litafufutika kale. Mayi wogulitsayo anandimvera chisoni pondiona ndikulimbana nazo kuvala. "Bambo, izi zakuchepani, tengani zina." Ndinalipira ndithu, iwo akupukusa mutu.

Kuthina kwakeko ndiye ntchito yake. Ine ndimavala 42, izi ndi 41, ndipo ndimazivala popanda sokosi kuti phazi lisamasewere m'kati. Pansi pake ndi labala wosalala, wopanda mizeremizere, woti ukamuona sungamukhulupirire. Koma ukaika chala chachikulu pa kam'mphepete kochepa ngati m'mbali mwa bokosi la machesi, n'kutsamira thupi lonse pamenepo, nsapato imagwira nganganga. Ulendo woyamba ndinaima pamenepo miyendo ikunjenjemera, ndikudikira kugwa, koma osagwa.

Kumene zinandionetsa zenizeni ndi ku Mulanje, pa matanthwe a kumtunda kwa Likhubula. Mwala wa kumeneko ndi wokhakhala, ndipo malo ambiri palibe pogwira ndi manja, umangodalira kuti labala amamatira. Unyolo wa mantha umaduka ukazindikira kuti chidendene chiyenera kutsika pang'ono, osati kuima ndi zala zokha. Tinali m'munsi chabe. Khoma la kumadzulo la Chambe, lomwe ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700 ndipo limawerengedwa m'gulu la makoma aatali kwambiri okwera ndi zingwe mu Africa muno, ndinangoliyang'ana khosi mpaka kuwawa.

Zodandaula zilipo. Masabata awiri oyamba ndinatuluka matuza pa zala zonse ziwiri zazing'ono. Fungo lake ndiye musanene, mayi a kunyumba anazithamangitsira pakhonde. Mwezi wachisanu labala anayamba kumatuka kutsogolo kwa ya kumanzere, mwina chifukwa ndinaziiwala padzuwa tsiku lathunthu guluu n'kufewa. Wosoka nsapato wa m'dera lathu anafuna kuisoka ndi ulusi n'kuikapo chidutswa cha tayala. Ndinamuletsa msanga, anangomata ndi guluu, mpaka lero ikugwira. Komanso kukagwa chiperoni iwalani, pa mwala wonyowa ndi wa ndere nsapatozi zilibe mphamvu iliyonse. N'chifukwa chake gulu lathu limakonda miyezi yopanda mvula.

Wina anandifunsa ngati zingagwire ntchito pa madzi oundana, ataona vidiyo ya anthu akukwera mathithi oundana ku Drakensberg, ku South Africa. Ayi ndithu. Kumeneko amavala majombo olimba omangirira mano achitsulo pansi, m'manja atagwira tinkhwangwa tosongoka. Kwathu kuno ayezi amene ndamuonapo m'phiri ndi kachisanu koyera pa udzu m'mamawa mu July pamwamba pa Mulanje, kamene dzuwa likangotuluka kamasungunuka.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni. Nsapato gulani pa kaunjika, zikang'ambika mungotsetsereka n'kulendewera pa chingwe. Koma chingwe ndi lamba wa m'chiuno musayerekeze, simudziwa kuti mwini wake woyamba anagwa nazo kangati kapena zinakhala padzuwa zaka zingati. Ine ndimabwerekabe za gulu.

Ndikuzipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Mukapita kokasankha, pitani masana mapazi atatupa pang'ono, pindani nsonga yake muone ngati labala sanauma n'kuyamba ming'alu, ndipo yesani zonse ziwiri. Mnzanga wina anathamangira kulipira, atafika kunyumba anapeza kuti ya kumanja ndi 40, ya kumanzere 42.